Phunziro 17: Tiyambe Tawerenga Manambala, Kenaka Tisinthe Fani

MAWU A LERO

Makina a anthu amasamalidwa ndi anthu.
Wodziwa kuwerenga amapulumutsa makina.

1. TINACHOKERA KUTALI

Dziko lathu la Mozambique linalandira ufulu pa 25 Juni 1975. Pa nthawi imeneyo anthu oposa 9 mwa anthu 10 aliwonse sanali kudziwa kuwerenga ndi kulemba. Makina analipo ku migodi ya malasha ku Moatize. Analiponso pa damu la Cahora Bassa, pa mtsinje wa Zambezi. Koma ambiri a ife tinali onyamula katundu chabe. Za m'kati mwa makina atsamunda sanatiphunzitse.

M'chaka cha 1978 boma linayambitsa kampeni yoyamba yophunzitsa akulu-akulu kuwerenga m'dziko lonse. Makolo athu anakhala pansi pa mitengo nayamba kulemba zilembo. Ntchito imeneyo tikuipitiriza ife.

Lero makina afika m'midzi. Tili ndi mapanelo a sola pa madenga. Tili ndi mainveta. M'masukulu ena muli makompyuta. M'maboma muli nyumba za wailesi. M'zipatala muli makina oyezera odwala. M'kati mwa makina ambiri otere muli kachipangizo kakang'ono kozungulira. Timakatcha fani. M'masitolo a ku Tete ndi ku Lichinga amati ventoinha.

Fani ndi yaing'ono, ndipo mtengo wake ndi wochepa. Koma ikafa, imapha makina onse. Ife tinaziona ndi maso athu.

2. ZIMENE ZINATICHITIKIRA

Sukulu yathu ya akulu-akulu ili m'mudzi wina m'chigawo cha Tete. Timaphunzira madzulo, titachoka kumunda. Tili ndi mapanelo awiri, mabatire awiri ndi inveta imodzi. Zonsezi tinagula ndi chimanga cha m'munda wa gulu. Inveta imatenga magetsi a m'mabatire niwasandutsa magetsi onga a m'nyumba za m'tauni. Ndi magetsi amenewa timayatsa mababu, timatchaja mafoni ndiponso timamvera nkhani.

Mwezi wa Okutobala, dzuwa lili phwee, fani ya mu inveta inayamba kukhuluza. Patapita masiku ochepa inaima. Tinaichotsa, ndipo tinatuma mnzathu wina kuti akagule ina ku tauni.

Mnzathuyo anafika kwa wogulitsa zipangizo. Anatenga fani yakale ndi yatsopano naziphatikiza. Zinalingana kukula. Mabowo anayi a m'ngodya anayang'anizana bwino. Zonse zinali zakuda, zonse zinali ndi mawaya awiri.

"Ndi yomweyi kodi, abambo?" anafunsa wogulitsayo.

"Ndi yomweyi, achimwene. Zafanana ngati mapasa," anayankha mnzathuyo.

Tinaika fani yatsopano. Inazungulira. Tinaomba m'manja. Palibe anaona kuti inali kuzungulira mwaulesi.

Tsiku lachitatu inveta inalira nizima yokha. Ife tinaiyatsanso. Inazimanso, ife tinaiyatsanso. Tsiku lachisanu tinamva fungo la chinthu chopserera. Mababu anazima, ndipo sanayakenso.

Tinakhala mwezi wathunthu popanda kuwala. Ophunzira ena analeka kubwera. Pokonzetsa inveta tinagulitsa matumba atatu a chimanga cha gulu.

Inveta itabwerako kwa mmisiri, aphunzitsi anaika mafani awiri aja pa tebulo. Anati aliyense awatembenuze ndi kuona kumbuyo kwake. Amayi ena achikulire, amene anaphunzira manambala chaka chomwecho, anayandikiza maso nawerenga ndi chala.

"Aphunzitsi, apa alemba 12. Koma apa alemba 24. Nanga mapasa ake ndi ati?"

Tonse tinakhala chete. Yankho linali lolembedwa pa fani kuyambira tsiku loyamba. Linali kungodikira munthu woti aliwerenge.

Pa msonkhano sitinadzudzule mnzathu yekha. Tonse tinalakwa. Tinamutuma popanda kumulembera manambala. Tinaika fani popanda kuwerenga. Inveta itatichenjeza, tinakana kumva. Tsono tinagwirizana kuti tiphunzire nkhani ya fani bwino-bwino. Zimene tinaphunzira ndi izi.

3. FANI IMAGWIRA NTCHITO YANJI?

Magetsi akamayenda m'makina, gawo lina limasanduka kutentha. Tizipangizo ta m'kati timatentha monga munthu wolima masana. Tina timamangiriridwa pa chitsulo chopepuka cha aluminiyamu, chokhala ndi mano ngati chipeso. Chitsulocho chimakoka kutentha. Fani imapititsa mphepo pakati pa manowo, ndipo mphepoyo imatulutsa kutentha kunja.

Fani siziziritsa monga madzi a mu mtsuko. Imangochotsa mpweya wotentha ndi kulowetsa wina. Motero mpweya wa m'chipinda ukakhala wotentha kale, ntchito ya fani imakula. Ku Tete kutentha kumapitirira madigiri 40 m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala. Pansi pa denga la malata kumatentha koposa apo.

Kutentha kumafupikitsa moyo wa makina. M'makina muli timigolo ting'ono-ting'ono totchedwa makapasita. Amisiri ali ndi lamulo lawo: kutentha kukakwera ndi madigiri 10, moyo wa makapasita otere umafupika ndi theka. Kapasita yoyenera kukhala zaka 8 ikhala zaka 4. Kutentha kukakweranso ndi madigiri 10, ikhala zaka 2.

4. KODI YAFADI?

Tisafulumire kugula. Mafani ena amakhala duu mpaka makina atatentha, kapena mpaka titalumikiza zinthu zambiri. Fani yotere sinafe. Ikungodikira nthawi yake.

Fani yodwala timaidziwa motere:

Imakhuluza kapena kulira ngati njinga yopanda mafuta.
Imayamba pokhapokha munthu ataikankha.
Imazungulira niima, nizunguliranso.
Makina atentha kwambiri, koma iyo ili chete.
Phiko lake lina lathyoka, ndipo makina akunjenjemera.

Kawiri-kawiri mdani ndi fumbi. Nthawi zina ndi ukonde wa kangaude, chisa cha mavu kapena buluzi wofera m'kati. Titazimitsa makina, timapukuta mapiko ndi kaburashi kouma. Kenaka timawazunguza ndi chala. Akazungulira mopepuka, mwina fani ikadali yamoyo. Akalimba, kapena akamagwedera, ndiye kuti pakati pake padyeka. Kudontheza mafuta kumathandiza masiku ochepa okha. Fani yotere isinthidwe.

5. TIWERENGE KAPEPALA

Pakati pa fani, kumbuyo kwake, amamatapo kapepala kozungulira. Pa fani yathu yakale panalembedwa chonchi:

DC 12V 0.25A

Pa fani imene tinagula molakwika panalembedwa chonchi:

DC 24V 0.12A

Tiwerenge chimodzi-chimodzi.

Choyamba: chilembo V

V akuimira mavolti. Mavolti ndi mphamvu imene imakankha magetsi m'waya. Tiyerekeze ndi thanki ya madzi. Thanki yokwezedwa pamwamba imatulutsa madzi mwamphamvu. Thanki ya pansi imatulutsa madzi mofooka.

Fani iliyonse inapangidwa kuti ilandire kukankha kwa muyezo wake. Mafani ang'ono ofala ndi a 5 V, a 12 V ndi a 24 V.

Tikaika fani ya 24 V pamalo pa 12 V, imalandira theka lokha la mphamvu yake. Imazungulira pang'ono-pang'ono, kapena siyamba n'komwe. Makina amatentha napsa. Izi ndizo zinatichitikira.

Tikaika fani ya 12 V pamalo pa 24 V, imathamanga mopenga kwa kanthawi, kenaka imapsa.

Abambo ena anafunsa kuti: "Aphunzitsi, mabatire athu awiri olumikizana amapereka 24 V. Bwanji fani ikhale ya 12?" Aphunzitsi anayankha kuti m'kati mwa inveta yathu muli gawo lotsitsa mavolti, ndipo fani imadya kuchokera pamenepo. Inveta ina ingakhale ndi fani ya 24 V. Motero sitiyang'ana mabatire. Timayang'ana kapepala ka fani yakale.

Lamulo loyamba: nambala ya V ikhale yomweyo. Pamenepa palibe kunena kuti "zayandikana".

Chachiwiri: zilembo DC ndi AC

Magetsi ali a mitundu iwiri. A DC amayenda njira imodzi yokha. Amenewa ndi a m'batire ndi a m'mapanelo a sola. A AC amapita ndi kubwerera. Amenewa ndi amene amabwera pa nthambo za Electricidade de Moçambique. M'nyumba za m'dziko lathu amafika ali 220 V, ndipo amapita ndi kubwerera ka 50 pa sekondi imodzi. N'chifukwa chake pa mafani a AC timaonanso 50Hz.

Fani ya DC ikalumikizidwa ku magetsi a 220 V imapsa nthawi yomweyo, ndipo ingayambitse moto. Fani ya AC ikalumikizidwa ku batire siizungulira.

Tichenjerenso ndi katundu wa kaunjika. Ku America magetsi a m'nyumba ndi 120 V. Ku Japan ndi 100 V. Fani ya AC yochotsedwa m'makina a kumeneko idzapsa pa magetsi athu a 220 V, ngakhale ikhale yokongola chotani.

Lamulo lachiwiri: DC isinthidwe ndi DC, AC isinthidwe ndi AC.

Chachitatu: chilembo A

A akuimira maampeya. Maampeya ndi kuchuluka kwa magetsi amene fani imamwa. Mavolti ndi kukankha kwa madzi, maampeya ndi kuchuluka kwa madzi odutsa m'paipi.

Makina sakakamiza fani kumwa. Fani imadzitengera yokha imene ikufuna. Koma kachipangizo kamene kamadyetsa fani kali ngati paipi yaing'ono. Tikaika fani yomwa kwambiri, kachipangizoko kamatentha nikupsa. Tikaika fani yomwa pang'ono kwambiri, kawiri-kawiri mphepo yake imachepa.

Motero pamalo pa fani ya 0.25A tingaike ya 0.22A, ya 0.25A kapena ya 0.28A. Ya 0.90A ndi yosusuka. Ya 0.08A ndi yofooka.

Tisamale ndi kadontho. Ife kusukulu timalemba 0,25 monga mwa Chipwitikizi. Opanga mafani ambiri amalemba 0.25. Tanthauzo ndi limodzi. Koma 0.25 si 2.5. Kadontho kakasuntha malo amodzi, nambala imakula kakhumi. Tipukute fumbi pa kapepala, tiwerenge pamalo owala.

Mafani ena amalemba mA. Tidziwe kuti 1000 mA ndi 1 A. Motero 250 mA ndi 0,25 A.

Lamulo lachitatu: nambala ya A ifanane kapena iyandikane. Isapitirire kwambiri, isachepe kwambiri.

Chachinayi: chilembo W

Pa mafani ena sapalembedwa A. Pamalembedwa W. W akuimira mawati. Pa fani ya DC timawapeza pochulukitsa V ndi A.

12 × 0,25 = 3

Fani yathu ndi ya 3 W. Tikapeza fani yolembedwa DC 12V 3W, tadziwa kuti imamwa 0,25 A, pakuti 3 ÷ 12 = 0,25.

Taonani msampha. Fani yolakwika ija inali ya 24 × 0,12 = 2,88 W. Mawati ake anayandikana ndi a fani yathu. Koma mavolti anasiyana. Mawati okha satiuza zonse.

Chachisanu: kukula

Fani timaiyeza ndi lula, m'mamilimita. Timayeza bokosi lake la ngodya zinayi, osati mapiko. Timayeza m'litali, m'lifupi ndi kuchindikala. Yathu ndi ya 80 × 80 × 25. Miyezo yofala ndi 40, 60, 80, 92 ndi 120.

Nthawi zambiri muyezo umabisala m'nambala yaitali ya pa kapepala. Tikaona 8025, ndiye kuti 80 m'mbali ndi 25 kuchindikala. Tikaona 6015, ndiye kuti 60 ndi 15. Tikaona 12025, ndiye kuti 120 ndi 25.

Fani yochindikala kwambiri imaletsa chivindikiro kutsekeka, kapena imakhudza mawaya. Fani yaing'ono imasiya mpata, ndipo mphepo imathawira m'mbali.

Chachisanu ndi chimodzi: mphepo

Pa bokosi logulitsiramo, kapena pa pepala la wopanga, tingaone zilembo RPM. Zikunena kuti mapiko amazungulira kangati pa mphindi imodzi. Tingaonenso CFM kapena m³/h. Zimenezi zikunena kuchuluka kwa mpweya umene fani imakankha. 1 CFM ndi pafupi-fupi 1,7 m³/h. Fani yatsopano ikankhe mpweya wofanana ndi yakale kapena woposerapo pang'ono. Fani yosamveka phokoso imasangalatsa m'makutu, koma nthawi zina ili chete chifukwa ndi yofooka.

Chachisanu ndi chiwiri: mawaya

Tiwerenge mawaya. Mafani a DC amakhala ndi mawaya 2, 3 kapena 4.

Pa fani ya mawaya awiri, wofiira ndi + ndipo wakuda ndi −.
Waya wachitatu, kawiri-kawiri wachikasu, amauza makina kuti fani ikuzungulira. Makina ena akapanda kulandira uthenga umenewu amalira kapena amakana kuyaka.
Waya wachinayi, kawiri-kawiri wabuluu, ndi umene makina amalamulira nawo liwiro la fani.

Opanga ena amagwiritsa ntchito mitundu ina. Pa mafani ena a kompyuta waya wa + ndi wachikasu. Motero sitikhulupirira mtundu wokha. Timaona pamene waya aliyense walowa pa kapulagi, ndipo timafananiza ndi kapulagi kakale. Mapulagi awiri angafanane maonekedwe, koma + ndi − zili mosemphana.

Wina angaganize kuti akasinthanitsa mawaya fani idzazungulira chobwerera. Ayi. Mafani awa ali ndi tizipangizo m'kati mwake. Mawaya akasemphana, fani siizungulira, ndipo ina imawonongeka.

6. TISINTHE FANI

Magetsi alibe chibale. Tisanagwire makina, titsate malangizo awa.

Makina akakhala atsopano ndipo pepala la garantiya likadali ndi nthawi, tisawatsegule. Tiwabweze kumene tinagula.

Uvuni wa microwave ndi wailesi ya kanema yakale ija ya chimimba tisatsegule konse. M'kati mwake mumatsala magetsi akupha. Imeneyo ndi ntchito ya mmisiri wophunzira.

Tigwire ntchito awiri-awiri. Nthawi yoyamba pakhale mmisiri wotiyang'anira. Manja akhale ouma. Tivule mphete, wotchi ndi zibangili.

Tsono tichite motere:

1. Tizimitse zonse zolumikizidwa ku makina. Kenaka tizimitse makinawo.

2. Tizule pulagi ku khoma. Ngati ndi inveta, tichotse mawaya ake ku mabatire. Ngati mapanelo a sola amalowa mu inveta momwemo, tiyambe tadula mapanelo, kenaka mabatire.

3. Tidikire mphindi zosachepera 10. Makapasita akulu amasunga magetsi makina atazima kale. Mu inveta angasunge mavolti oposa 300. Ngakhale tadikira, tisakhudze makapasita kapena pansi pa bolodi yobiriwira. Mmisiri amayamba wayeza ndi mita yake.

4. Titsegule chivindikiro. Masikuru tiwaike m'kambale kuti asatayike.

5. Tisanachotse fani, tijambule m'kope mathu. Tisonyeze mbali imene kapepala kayang'ana. Tisonyeze pamene waya wofiira walowa. Amene ali ndi foni ajambule chithunzi.

6. Tione mivi. M'mbali mwa mafani ambiri muli mivi iwiri. Wina ukusonyeza kumene mapiko amazungulira. Wina ukusonyeza kumene mphepo imapita. Ngati mivi palibe, tidziwe kuti mphepo imatulukira mbali ya kapepala, kumene kuli timitanda togwira injini ya fani. Makina ena amafuna fani yotulutsa mpweya. Ena amafuna yolowetsa. Yatsopano iyang'ane kumene inayang'ana yakale.

7. Tizule kapulagi ka fani pogwira mutu wake. Tisakoke mawaya. Timasule masikuru anayi.

8. Tilembe zonse za pa kapepala: DC kapena AC, V, A, W, kukula, ndi chiwerengero cha mawaya. Wopita kukagula atenge fani yakale pamodzi ndi pepala limeneli. Ku sitolo awerenge yekha kapepala ka fani yatsopano asanapereke ndalama.

9. Tichotse fumbi m'mano a aluminiyamu ndi m'mabowo olowera mpweya. Fani yatsopano singathandize ngati njira ya mphepo ili yotsekeka. Madzi asayandikire.

10. Timange fani yatsopano. Masikuru alimbe, koma tisathine mpaka kusweka pulasitiki. Mawaya apite kutali ndi mapiko.

11. Kapulagi katsopano kakapanda kulowa, tidule kapulagi ka fani yakale pamodzi ndi chidutswa cha mawaya ake. Tilumikize + ku +, ndi − ku −. Mmisiri awotcherere polumikizirapo. Waya aliyense akulungidwe payekha ndi tepi ya magetsi.

12. Tizunguze mapiko ndi chala kuti tione ngati sakukhudza kanthu. Titseke chivindikiro. Pokhapo ndi pamene timabwezera magetsi.

13. Tiyatse makina ndi kuwapatsa ntchito. Tiike kachidutswa ka pepala pafupi ndi bowo la fani. Kayenera kuuluzika, kapena kukokeka, monga mwa chojambula chathu. Timvere phokoso. Patapita theka la ola tigwire pa chivindikiro. Chingafunde, koma chisaotche dzanja.

Makina akalira nazima okha, tisawayatsenso mwaliuma. Akutiuza kuti atentha, kapena tawasenzetsa katundu wambiri. Tifunefune chifukwa chake.

7. TISAMALE CHUMA CHA ANTHU

Lero inveta yathu ili pa thandala, kutali ndi pansi pafumbi. Ili pamthunzi, ndipo kumbuyo kwake tinasiya mpata wa chikhatho chimodzi. Poyamba tinali kuifunditsa nsalu kuti isade. Tsopano tadziwa kuti nsaluyo inali kuitsamwitsa.

Tinasankha anthu awiri, bambo ndi mayi, oyang'anira makina. Loweruka loyamba la mwezi uliwonse amazimitsa inveta napukuta mabowo ake. Pa khoma tinamata pepala lolembedwa ndi zilembo zikulu-zikulu:

FANI YA INVETA YATHU: DC 12V 0.25A, 80 × 80 × 25, MAWAYA 2

Analemba pepalalo ndi amayi aja amene anaona kusiyana kwa 12 ndi 24. Chaka chatha sanali kudziwa kugwira pensulo.

Ena amati: "Ine ndakalamba, kuwerenga kundithandiza chiyani?" Ife timawaonetsa mafani awiri aja. Tinawapachika pa msomali m'kalasi mwathu. Maso amati ndi amodzi. Manambala amati ndi osiyana. Kusawerenga manambala awiri kunatidyera matumba atatu a chimanga ndi mwezi wathunthu wa maphunziro.

MAWU ATSOPANO

Tiwerenge mokweza, kenaka tilembe m'makope:

fani, mafani
inveta, mainveta
volti, mavolti
ampeya, maampeya
wati, mawati
kapasita, makapasita
milimita, mamilimita

Tigawe mawu: fa-ni, ma-ki-na, mphe-po, ku-te-ntha, ma-na-mba-la.

MASAMU

1. Fani yalembedwa DC 12V 0.5A. Kodi ndi ya mawati angati?
2. Fani yalembedwa DC 24V 0.25A. Kodi ndi ya mawati angati?
3. Fani yalembedwa DC 12V 6W. Kodi imamwa maampeya angati?
4. Tilembe 180 mA m'maampeya.
5. Nambala yaikulu ndi iti: 0.15 kapena 1.5? Yaposa inzake kangati?
6. Pa kapepala palembedwa 9225. Kodi fani imeneyi ndi yaikulu bwanji?

TISANKHE

Fani yakufa ndi ya DC 12V 0.25A, 80 × 80 × 25, mawaya 2. Ku sitolo tapeza mafani asanu, onse a mawaya 2.

a) DC 24V 0.25A, 80 × 80 × 25
b) DC 12V 0.22A, 80 × 80 × 25
c) AC 220V 0.07A, 80 × 80 × 25
d) DC 12V 0.25A, 92 × 92 × 25
e) DC 12V 0.90A, 80 × 80 × 38

Tigule iti? Aliyense anene chifukwa chimene wakanira zina zinayizo.

MAFUNSO

1. Kodi fani imagwira ntchito yanji m'makina?
2. Chinachitika n'chiyani titaika fani ya 24 V pamalo pa 12 V?
3. Kodi DC ndi AC zimasiyana bwanji?
4. Chifukwa chiyani fani yomwa maampeya ambiri ili yoopsa?
5. Timadziwa bwanji kumene mphepo imatulukira?
6. Chifukwa chiyani timadikira tisanatsegule makina?
7. Tchulani makina awiri amene sitiyenera kutsegula.

TIKAMBIRANE

Kodi ndani analakwa pa nkhani ya inveta: wogula, wogulitsa, kapena gulu lonse?
M'mudzi mwathu muli makina ati a anthu onse? Amawasamala ndani?
Ndi pa zinthu zina ziti pamene manambala amatiteteza? Tiganizire za thumba la feteleza, botolo la mankhwala ndi sikelo ya wogula mbewu.

NTCHITO

Aliyense afune chipangizo chimodzi cha magetsi kwao kapena kwa mnansi: tchaja ya foni, wailesi, babu kapena batire. Asachitsegule. Awerenge za kunja kwake, ndipo alembe manambala onse okhala ndi V, A ndi W. Mawa tidzawerengerana.

TILEMBE

V ikhale yomweyo.
A iyandikane.
Mphepo ipite kumene inali kupita.
Tiyambe tawerenga, kenaka tigwire ntchito.

Tithetse umbuli! Tisamale chuma cha anthu!